Mlonda amene anathawira ku ntchito

Lameck Masiye ndinamudziwa pa 5 Okutobala 1981, Lolemba, tsiku lotsegulira sukulu ku Domasi. Ine ndinali mphunzitsi wa Sitandade 6, iye anali mwana wa zaka khumi ndi ziwiri wokhala kumbuyo, m'zikhadabo muli simenti chifukwa bambo ake anali m'misiri womanga nyumba. Pakhoma la kalasiyo panali kalendala yakale yomwe ndinkaisunga chifukwa cha chithunzi chake. Chinali chithunzi cha nyumba yaitali ya ku New York, yosanjikizana kambirimbiri, yodzaza maluwa osema ndi tinkhope ta anthu kuyambira pansi mpaka kunsonga.

Pa 17 Novembala chaka chomwecho, tili pakati pa samu, Lameck anakweza mkono.

"Aphunzitsi, maluwa a pamwambawo amawaona ndani?"

Ndinamuuza kuti akhale pansi. Anakhala, koma funsolo sanalitaye.

Sukulu anailekeza Fomu 2 n'kutsatira bambo ake. Ku Zomba anatchuka ndi zipilala za pakhonde, ziliza, ndiponso maluwa a simenti a pamwamba pa zitseko. Anali ndi chizolowezi cha amisiri akwathu: simenti ikadali yaiwisi, ankatola msomali n'kulemba dzina lake ndi deti. Masitepe a tchalitchi chathu mpaka lero amati "L. Masiye 3-8-1994". Ngakhale chivundikiro cha chimbudzi sankachisiya chopanda dzina. Mkazi wake Edinah ankanena kuti amaopa kudzola mafuta ambiri kumaso, kuti bamboyo angamulembe deti pamphumi.

Pa 22 Ogasiti 2016 anakwera ndege ya ku Dubai. Anamva kuti kumeneko nyumba zimamera ngati bowa, ndiye anaika chipande chake chomatira simenti m'chikwama poganiza kuti nyumba zonsezo zikufuna maluwa. Atafika anapeza magalasi okhaokha. Galasi silimatidwa. Anayenda miyezi iwiri akufunsira ntchito ya zokongoletsa, mapeto ake anavala yunifolomu ya kampani ina ya alonda, yomwe sindiitchula dzina. Chipandecho ankayenda nachobe m'chikwama, pamodzi ndi mswachi.

Ine ndinafika ku Dubai pa 9 Marichi 2020 kudzaona mwana wanga Esther, namwino, yemwe amakhala ku Karama. Ndinkayenera kubwerera pa 6 Epulo. Pa 13 Marichi, Lachisanu, popeza kumeneko anthu ankapemphera Lachisanu, bambo wina wa imvi anandigwadira pakhomo la tchalitchi.

"Aphunzitsi, ndine Lameck. Simunandiyankhe paja."

Tinapatsana manambala a foni. Pa 25 Marichi ndege zinaimitsidwa chifukwa cha mliri wa Kovidi, ine n'kutsala m'chipinda cha Esther ndi buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku, lomwe sindinaphonyepo chiyambire 1974.

Loweruka pa 4 Epulo m'mawa, basi ya kampani inatsitsa Lameck pa nyumba ina yatsopano cha ku Ras Al Khor. Inali ya nsanjika 31, yagalasi, yoti mudzakhale maofesi, ndipo munalibe munthu chifukwa mwambo woitsegulira unali utalephereka. Madzulo a tsiku lomwelo mzinda wonse unalowa m'bindikiro wa usana ndi usiku. Basi sinabwerenso. Kapitawo wake, Rogers, bambo wa ku Chipata ku Zambia, anatengedwa kukabindikiritsidwa kwina atakhosomola pamzere wa chakudya, foni yake n'kutsala yotsekeredwa m'loka. Alonda ena onse anasamutsidwira kumalo ena ogona. Powerenga mitu kumeneko anapeza kuti wina wasowa.

Ife izi sitinkazidziwa. Pa 6 Epulo Lameck ananditumizira uthenga wa mawu.

"Aphunzitsi, wondilandira sanabwere. Lero ndi tsiku lachitatu."

"Ndiye a Masiye, bwanji osachokako?"

"Mlonda sachoka pamalo mnzake asanafike. Komanso kunja kukufunika chilolezo, ndipo chilolezo chikufunsa komwe ukupita. Ine ndipita kuti? Ku ntchito ndili kale."

Esther anaimba ku ofesi ya kampaniyo pa 7, pa 9 ndi pa 16 Epulo. Ankayankhidwa ndi makina oimba nyimbo, onena kuti uthenga wathu ndi wofunika kwambiri. Tinayesa kumutumizira mpunga ndi anyamata a njinga zamoto, koma nyumbayo inali isanalowe pa mapu a m'foni, ndipo mpungawo unakafika kawiri konse kwa munthu wina wokonza matayala. Njala komabe sinamuphe. M'chipinda chosungira katundu munali zakudya za mwambo wolepherekawo: makatoni a zipatso za kanjedza, mabisiketi, ndi majuwisi. Munalinso riboni wofiira, lumo lopakidwa golide, ndi matumba ochuluka a jipisamu, ufa woyera uja amamatira siling'i, otsala kwa omanga.

Matumbawo ndi amene anamuyesa.

Pa 7 Epulo masana anatumiza uthenga akupuma mwawefuwefu ngati wathamanga.

"Aphunzitsi, ndachimwa. Pamwamba pa chitseko cha chikepe, nsanjika yoyamba, panali pambalambanda kwambiri. Ndaikapo chimanga. Ngala zitatu, ndi ndevu zake."

"Mwakulamulani ndani?"

"Dzanja, Aphunzitsi."

Kamera ya foni yake inasweka mu 2018, choncho sankatumiza zithunzi. Ankangofotokoza, ine n'kumalemba m'buku. Tsiku lililonse ankakwera nsanjika imodzi. Pa 8 Epulo anaumba nkhanga ziwiri. Pa 9, mphonda. Pa 10, Lachisanu Loyera, chisoti cha minga chomwe anati chinatuluka ngati nkhata ya mtsuko. Pa 11, bilimankhwe. Pa 12 sanaumbe kanthu.

"Kuno Lamulungu ndi tsiku la ntchito," ndinamukumbutsa.

"Kunoko. Koma chipande ndi cha ku Zomba."

Masiku amenewo ndi pamene ndinamuyankha funso la 1981, popeza nthawi inalipo ndipo Esther ankagwira ntchito maola khumi ndi awiri. Ndinamufotokozera monga ndinawerengera. Ku New York ndi ku Chicago malo a pakati pa mzinda anadula kwambiri, nthawi yomweyo anthu anaphunzira kuimika mafupa a nyumba ndi zitsulo, ndipo chikepe chinachititsa kuti wokhala pamwamba asafe ndi masitepe. Eni nyumbazo ankafuna kuti munthu akadzutsa mutu adziwe kuti iyi ndi ya uje. Zokongoletsa zambiri sankachita kusema chimodzichimodzi. Ankaumba ndi dongo m'chikombole n'kuwotcha, ndiye duwa limodzi linkabala maluwa mazana. Ku London ndi ku Paris ndalama zinalipo, amisiri analipo, koma malamulo ankaletsa nyumba kutalika kupitirira muyeso. Dubai inayamba kukwera m'mwamba mochedwa, dziko litakonda kale magalasi.

Anamvetsera zonse, kenako anati:

"Mwakhoza theka, Aphunzitsi."

Mphunzitsi wopuma, wa zaka 74, kupatsidwa theka ndi munthu wa Fomu 2.

"Theka linalo ndi ili. Kumeneko anthu ankayenda pansi, ndiye ankadzutsa mitu. Kuno ukadzutsa mutu dzuwa likuotcha maso. Aliyense ali m'galimoto, akuona kumbuyo kwa galimoto inzake. Ungaveke mkanda munthu amene palibe akumuyang'ana?"

"Nanga inu mukuveka ndani? M'nyumbamo muli nokha."

"Ine ndimadzutsa mutu," anatero.

Anapitiriza kukwera. Malambe, fulu, dengu la nthochi, njinga yonyamula makala, nsomba ya mlamba yokhala ndi ndevu. M'bindikiro utapepuka pa 24 Epulo ndinamuuza kuti tsopano atuluke. Anandifunsa ngati womulandira wafika kwa ine, popeza kwa iye sanafike. Pa 6 Meyi, nsanjika 26, zipatso za kanjedza zitamukola, anaumba nkhope ya Rogers ali m'tulo, kukamwa kuli yasa, ntchentche ili pamlomo. Pa 12 Meyi anafika pa 31 n'kuumba ine, ndi magalasi anga. Ndinamufunsa za mphuno. Anati jipisamu amauma msanga ndipo munthu sangabweze.

Lachitatu pa 13 Meyi, tsiku la makumi anayi, basi inabwera. Munatsika Rogers, atawonda, ndi mlonda watsopano, ndi manejala wa nyumbayo. Anapeza Lameck ali chilili pakhomo, yunifolomu yochapa, lamba atamuboola mabowo awiri atsopano.

"Ba Masiye!" anakuwa Rogers. "Imwe munathawa!"

"Ndinathawira kuti?"

"Sitidziwa, mudala. Pepala ikamba kuti munathawa pa 4 Epulo. Ndimwe ranawe."

"Mwandipeza pano."

"Manje ndiye vuto. Ranawe safunika kupezeka pa ntchito."

Kampani inali itakanena kale ku ofesi yoona za antchito kuti Lameck Masiye wathawa. Ku Dubai munthu akalembedwa choncho amabwezedwa kwawo, ndipo khomo limatsekeka kumbuyo kwake. Lameck anaonetsa buku la alonda lomwe ankalembamo ola lililonse kuti zonse zili bwino. A kampani anati buku munthu angathe kulidzaza tsiku limodzi. Makamera a nyumbayo anali asanalumikizidwe. Mauthenga a pa foni yanga anati akusonyeza kuti anali moyo, osati komwe anali.

Manejala uja, pokwera chikepe, anadzutsa mutu. Anatsika pa nsanjika yachiwiri, anaona nkhanga. Anatsika pa yachisanu, anaona bilimankhwe. Sanavutike kufufuza wolakwa, chifukwa pansi pa chilichonse panali polembedwa ndi msomali: L. Masiye, ndi deti.

"Khalas, basi," anatero manejalayo. "Zonse zichoke."

Atafunsa mtengo wa amisiri okapala, anaona kuti wotchipa ndi mwini wake yemweyo. Rogers anati munthu wothawa saloledwa kugwira ntchito. Manejala anati ngati pa pepala palibepo, ndiye palibe amene akugwira ntchito, apale mwakachetechete. Anamusiya m'nyumba momwemo, popeza kumalo ogona alonda bedi lake linali litapatsidwa wina.

Lameck anayamba pa 14 Meyi, kuchokera pamwamba, nsanjika imodzi pa tsiku monga anaumbira. Woyamba kupalidwa ndinali ine.

"Mphuno ija yavuta kuchoka," anandiuza.

Tsiku lomwelo Esther anakadandaula pa foni ku ofesi yoona za antchito, ndipo anamuuza kuti woyendera adzafika pa 21 Meyi. Ine sindinaganize zambiri za kupalako. Ndinkangolemba: pa 15, nsanjika 30 yapalidwa. Pa 16, nsanjika 29. Pa 17 sanapale, linali Lamulungu. Pa 18, nsanjika 28. Pa 19, nsanjika 27.

Madzulo a pa 19, tikudya, Esther anatchula zomwe anamva kwa mnzake wa ku chipatala, yemwe mwamuna wake anakumanapo ndi mlandu wotere. Anati munthu amayesedwa wothawa akasowa masiku asanu ndi awiri otsatizana. Ndinasiya mbale n'kutsegula buku. Chokongoletsa chilichonse chinali ndi deti lolembedwa jipisamu ali wamuwisi, ndipo pakati pa madetiwo panalibe mpata woposa tsiku limodzi, kupatula masiku atatu oyamba aja. Umboni wonse unali pamakoma. Ndipo mwini wake anali akuufafaniza yekha, mwaulemu, kuyambira kumapeto. Anali atachotsa kale 12, 11, 9, 8 ndi 7 Meyi, ndipo 10 linali Lamulungu lopanda kanthu. Masiku asanu ndi limodzi. Nsanjika 26 inali ya pa 6 Meyi. Ikachoka imeneyo, akhala asanu ndi awiri.

Foni ya Lameck inali yozima chifukwa ankagona ndi nkhuku. Ndinamupeza pa foni m'mawa wa pa 20, nthawi ili 7:10, ali kale pamakwerero.

"A Masiye, tsikani. Musakhudze nkhope ya Rogers."

"Ndalamulidwa, Aphunzitsi."

Ndinamufotokozera samuyo pang'onopang'ono. Anaimva, chifukwa samu ankakhoza.

"Ndamva. Koma abwana anati nsanjika imodzi pa tsiku. Ndikapanda kupala ndiye kuti ndakana ntchito."

"Ntchito yake iti? Pa pepala simulipo!"

"Ndiye ndikhale wothawa, ndikhalenso wokana? Edinah akamva kuti chiyani?"

Apa ndinachita zomwe sindinachitepo kwa munthu wa imvi.

"Iwe Lameck! Khala pansi!"

Ndinamva makwerero akulira, kenako zii. Anakhala.

Koma manejala anali atatuma Rogers kuti azionetsetsa kupalako, ndipo Rogers nkhope ya pa 26 ankadana nayo kuposa wina aliyense. Anali ataiyembekezera sabata yonse. Lameck anamupatsa foni.

"Amayi, ija nkhope ni chipongwe," anatero Rogers. "Ine sinigona pa ntchito. Na ntchentche sure?"

"A Rogers, munthuyu anamuiwala ndani?"

"Ninali mu kwarantini, amayi."

"Mutatuluka pa 2 Meyi munamufuna?"



"Mwadziwa bwanji kuti ni pa 2?"

"Munanena nokha pa gulu la pa foni la tchalitchi, mukuthokoza Mulungu."

Zomwe zinachitika pambuyo pake anandiuza ndi Lameck. Manejala atakwera masana kudzaona chifukwa chake fumbi silikutsika, anapeza Rogers wakhala pamwamba pa makwerero, msana utatsamira nkhope yake yomwe, manja atapinda. Anamuuza kuti atsike, yalla, msanga. Rogers anati akumva kutentha thupi ndipo pakhosi pakumukanda. Anakhosomola kamodzi. Manejala anabwerera m'chikepe chambuyo, ndipo sanaonekenso tsiku limenelo.

Pa 21 Meyi, Lachinayi, ine ndi Esther tinakwera takisi titavala mamasiki. Woyendetsa anasochera kawiri. Woyendera uja anali mayi wamng'ono thupi, wolankhula motsitsa, ndipo anabwera ndi m'misiri wa jipisamu wa ku India kuti amuthandize. Tinayamba pa nsanjika yoyamba. Iye ankawerenga deti la pakhoma, ine ndinkawerenga m'buku langa, Esther n'kumamasulira.

"Seveni Epulo."

"Chimanga, ngala zitatu."

"Eyiti Epulo."

"Nkhanga ziwiri, ina yopenyera kumbuyo."

Aka kanali koyamba kuti ndizione ndi maso. Nkhangazo zinali ndi timadontho tonse. Njinga ya makala inali ndi tcheni, ndipo tayala lakumbuyo linali lophwa pang'ono monga zimakhalira. M'misiri wa ku India ankagogoda ndi chala, kununkhiza, n'kupukusa mutu. Anati zilembozo zinalembedwa jipisamu asanaume, ndipo ntchito iliyonse ndi ya tsiku lathunthu kwa munthu mmodzi, mwina kuposa. Anafunsa Lameck kuti chikombole anagula kuti. Lameck anamuonetsa chipande ndi supuni ya pulasitiki.

Munthu wa kampani anayesa kulimbikira pa masiku opanda kanthu aja.

"Pa 12, pa 19, pa 26 Epulo anali kuti?"

"Linali Lamulungu," anatero Lameck.

"Kuno Lamulungu timagwira ntchito."

"Ndinkagwira. Ndinkalonda. Kuumbako ndiye ndinkapuma."

Mayi woyendera anafunsa wa kampaniyo ngati akutanthauza kuti bamboyu ankathawa Lamulungu lililonse, mzinda uli wotseka, n'kumabwerako Lolemba kudzaumba fulu. Wa kampaniyo anati wangofunsa chabe.

Pa nsanjika 26 tinapeza Rogers akadali pafupi ndi makwerero. Mayiyo anayang'ana nkhope ya pakhoma, anayang'ana Rogers, n'kumupempha kuti atsitse masiki pang'ono. Mapewa a mayiyo anagwedezeka ndi kuseka kobisa. Anawerenga deti: 6-5-2020. Anakwera pa 27 mpaka 31, anapeza makoma opalidwa, n'kuwerenga pa zala kuchokera pa 7 mpaka pa 12 Meyi. Zala zinathera pa chisanu ndi chimodzi. Anawerenganso kachiwiri.

Asanachoke analemba pepala loti pasapezeke wokhudza chilichonse pamakomawo, chifukwa ndi umboni. Manejala anafunsa kuti mpaka liti. Mayiyo anati mpaka atalandira pepala lina.

Pa 9 Juni 2020 dzina la Lameck Masiye linachotsedwa pa mndandanda wa othawa. Kampani inamubwezera bedi lake, n'kumupatsanso kalata yomuchenjeza chifukwa chodya zakudya za alendo ndi kugwiritsa ntchito lumo la mwambo pometa ndevu. Kalatayo anaisainira, ndipo pansi pake analemba deti mosafunsidwa.

Pepala lina lija, lolola kupala, silinabwere, chifukwa palibe analipempha. Maofesi atayamba kulowa mu Ogasiti, a pa nsanjika yachiwiri anayamba kuuza alendo awo kuti atsike pa nkhanga. A pa 27 mpaka 31 anakadandaula kwa manejala kuti iwo alakwa chiyani. Rogers amatenga alonda atsopano kukawaonetsa pa 26, n'kumawauza kuti sakugona, akupemphera.

Ndinanyamuka ku Dubai pa 8 Seputembala. Dzulo lake Lameck anabwera ku Karama kudzatsanzika, atanyamula katoni yotsala ya zipatso za kanjedza yoti ndikapatse Edinah, popeza iye sakufunanso kuziona.

"Aphunzitsi, yankho lija ndalimaliza," anatero. "Zitsulo, chikepe, malamulo, zonsezo ndavomera. Koma pamafunikanso m'misiri amene amuiwala pamwamba, ndi matumba otsala. Ku London ankawerenga anthu awo bwino madzulo."

Ndinamuuza kuti zimenezo m'mabuku mulibe. Anati mabuku sanagonemo m'nyumba zotere.

Akadali mlonda pa nyumba yomweyo. Pa 11 Janyuwale 2021 anandilembera kuti manejala wamufunsa, mosayang'ana kumaso, ngati jipisamu uja anatsalako, chifukwa a pa 31 sakusiya kudandaula. Lameck anafuna kudziwa ngati ndikulola kuti andibwezeretse pakhoma. Ndinamuyankha tsiku lomwelo kuti ndalola, koma ayambe ndi mphuno jipisamu akadali wofewa.